Svante Arrhenius: mnyamata amene anatulukira kumene mchere umapita ukasungunuka

Kholo lililonse limene linasungunulako paketi ya Thanzi ORS mwana atatsegula m'mimba linaona izi: mukathira ufa uja m'madzi n'kutakasa, pakangopita kanthawi ufawo suonekanso. Madzi amangokhala ngati mmene analili, koma mukalawa mumamva kuti mchere ulimo. Kodi mcherewo umakhala uli pati, nanga umakhala utasanduka chiyani?

Yankho limene madokotala ndi anamwino amadalira lero linachokera kwa mnyamata wina wa ku Sweden, dzina lake Svante Arrhenius. Pamene ankalipereka m'chaka cha 1884 anali ndi zaka 25 zokha, ndipo aphunzitsi ake anamupatsa malikisi otsika kwambiri. Patapita zaka 19, ntchito yomweyo inamupezetsa mphoto ya Nobel.

Mwana wokonda manambala

Arrhenius anabadwa pa 19 February 1859 ku Vik, kufupi ndi mzinda wa Uppsala. Bambo ake, a Svante Gustaf Arrhenius, anali oyeza malo ndipo ankayang'anira minda ya sukulu ya ukachenjede ya Uppsala. Mayi ake anali a Carolina Thunberg. Mwanayo akadali wakhanda, banjali linasamukira mumzinda momwemo mwa Uppsala.

Olemba mbiri yake amati anadziphunzitsa yekha kuwerenga ali ndi zaka zitatu, ndipo masamu anayamba kuwatola poonerera bambo ake akuwonkhetsa manambala m'mabuku a kuntchito. Analowa sukulu ya ukachenjede ya Uppsala mu 1876 ali ndi zaka 17. Koma kaphunzitsidwe ka kumeneko sikanamufike pamtima, choncho mu 1881 anapita ku Stockholm kukachita kafukufuku pansi pa katswiri wina wa zamagetsi, Erik Edlund.

Zimene ankayeza

Ntchito yake inali yofuna kudekha. Ankasungunula mitundu yosiyanasiyana ya mchere m'madzi, n'kumayeza mmene magetsi akudutsira m'madzimo. Akatero ankawonjezera madzi, n'kuyezanso, kuwonjezeranso madzi, n'kuyezanso.

Panali kale zinthu zingapo zimene akatswiri ankazidziwa. Magetsi sadutsa mumchere wouma. M'madzi oyera bwino, opanda kalikonse kosungunukamo, amadutsa movutikira kwambiri. M'madzi a shuga ndi chimodzimodzi. Koma mchere ndi madzi zikaphatikizana, magetsi amadutsa bwinobwino. N'chifukwa chake n'koopsa kugwira soketi ndi manja onyowa: madzi a pampopi, a pamjigo ngakhale thukuta lathu zimakhala ndi mchere wosungunuka.

Zaka 50 m'mbuyomo, mu 1834, katswiri wa ku Britain Michael Faraday anali atanena kuti magetsi amayenda m'madzi otere atanyamulidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tizidutswato anatitcha maayoni, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chinthu choyenda. Tina timakhala ndi mphamvu ya pozitivi, tina ya negetivi, monga zizindikiro ziwiri zija za + ndi - zimene timaziona pabatire. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti magetsi ndiwo amang'amba mchere kuti maayoni apangike.

Arrhenius anaona kuti akamawonjezera madzi, kamchere kalikonse kamene kali m'madzimo kamanyamula magetsi bwino kuposa poyamba. Apa anaganiza kuti chimene chimamasula mchere ndi madzi enieniwo. Mchere ukangosungunuka umagawikana kukhala maayoni, magetsi alipo kapena palibe. Mchere wathu wa m'ndiwo umagawika pawiri: sodiyamu wa pozitivi ndi kolorayidi wa negetivi, aliyense n'kumayenda payekha.

Aphunzitsi akana kukhulupirira

Mu 1884 anapereka chikalata cha kafukufuku wake, cha masamba pafupifupi 150, cholembedwa m'Chifalansa, ku sukulu yake ya Uppsala kuti apatsidwe digiri ya udokotala wa sayansi. Ganizo lake m'chikalatamo linali lisanakhwime kwenikweni, ndipo aphunzitsi, kuphatikizapo katswiri wotchuka Per Teodor Cleve, sanachite nalo chidwi. Anamukhozetsa, koma pa mlingo wotsika moti mwayi woti n'kulembedwa ntchito yophunzitsa pasukulupo unali wochepa.

Tisafulumire kuwaweruza akuluakuluwo, chifukwa anali ndi mfundo. Sodiyamu payekha ndi chitsulo chofewa chimene chimalusa chikangokhudza madzi, mpaka kuyaka moto. Kolorini payekha ndi mpweya wapoizoni. Ndiye munthu anganene bwanji kuti m'kapu ya madzi a mchere muli sodiyamu ndi kolorini oyenda payekhapayekha, chonsecho anthu amamwa madziwo osapsa m'kamwa? Arrhenius ankayankha kuti ayoni ndi yosiyana ndi atomu wamba chifukwa cha mphamvu ya magetsi imene yanyamula. Yankholi linadzamveka bwino pambuyo pa 1897, pamene J. J. Thomson anatulukira elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi kamene kamapezeka mu atomu iliyonse. Sodiyamu akataya elekitironi imodzi ukali wake umatha. Kolorini akalandira elekitironi imodzi amasanduka kolorayidi, amene ali ngakhale m'magazi athu.

Mnyamatayo sanagwe ulesi. Anatumiza makope a chikalata chake kwa akatswiri a kumayiko ena. Mmodzi mwa iwo, Wilhelm Ostwald wa ku Riga, atachiwerenga anachita ulendo kupita ku Uppsala chaka chomwecho kuti akaonane naye, ndipo anamulonjeza ntchito. Anthu a ku Uppsala ataona mlendo wolemekezeka akudzafuna wophunzira amene iwo anamupeputsa, anamupatsa malo a uphunzitsi chaka chisanathe. Ku Riga sanapite msanga chifukwa bambo ake ankadwala, ndipo anamwalira mu 1885.

Mchere uwerengedwa kawiri

Paja akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kuyambira 1886 Arrhenius anapeza thandizo la ndalama loyendera malo a kafukufuku a kunja. Anagwira ntchito ndi Ostwald ku Riga, Friedrich Kohlrausch ku Würzburg, Ludwig Boltzmann ku Graz komanso Jacobus van 't Hoff ku Amsterdam.

Van 't Hoff anali ndi chinthu chimene chinkamuzunguza mutu. Iye ankafufuza mmene madzi amasunthira kuchoka kumene kuli zosungunuka zochepa kupita kumene kuli zambiri. Amayi amaziona izi kukhitchini: mukawaza mchere pa kabichi kapena matimati odula, posakhalitsa mbale imadzaza madzi, chifukwa mchere wakoka madzi a m'masambawo. Van 't Hoff anapeza kuti kukoka kumeneku kumadalira kuchuluka kwa tizidutswa timene tasungunuka. Masamu ake ankagwirizana bwino ndi madzi a shuga. Koma madzi a mchere ankakoka pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa mmene masamuwo ankanenera.

Arrhenius anaona msanga chifukwa chake. Shuga akasungunuka, kachidutswa kake kalikonse kamakhalabe kamodzi. Mchere ukasungunuka, kachidutswa kalikonse kamasanduka tiwiri. Choncho powerenga, mchere uyenera kuwerengedwa kawiri. Atayerekezera manambala a van 't Hoff ndi ake a magetsi aja, anapeza kuti akugwirizana. Mu 1887 anasindikiza ganizo lake lonse momveka bwino, ndipo ngakhale otsutsa anapitirizabe kwa zaka zingapo, umboni unali utachuluka.

Chifukwa chiyani madzi amatha kuchita izi?

Mbali iyi anadzaifotokoza bwino ndi akatswiri amene anabwera pambuyo pake. Kachidutswa kalikonse ka madzi kali ndi mbali ziwiri zosiyana: mbali ya okosijeni imapendekera ku negetivi, mbali ya haidirojeni imapendekera ku pozitivi. Mchere ukagwera m'madzi, tizidutswa ta madzi timazungulira sodiyamu titalozetsa mbali ya negetivi kwa iye, tina n'kuzungulira kolorayidi titalozetsa mbali ya pozitivi. Ayoni iliyonse imakhala ngati mlendo amene wazingidwa ndi eni mudzi mbali zonse, ndipo sizikhala zophweka kuti awiri aja agwiranenso. Lita imodzi ya madzi imatha kusungunula mchere wokwana magalamu pafupifupi 360. Zamadzimadzi zina zokhala ndi mbali ziwiri chonchi, monga gilisalini, zimasungunulanso mchere, koma pang'ono. Mafuta ophikira ndi parafini alibe mbali zoterezi, n'chifukwa chake mchere umangokhala pansi mukauthira m'mafuta.

Nanga pamwamba penipeni pa madzi, pamene madzi amakumana ndi mpweya, pamachitika zotani? Pamenepa madzi amakokana okhaokha n'kupanga kachikopa kosaoneka, kamene kamachititsa kuti tizilombo tina tiziyenda padziwe osamira. Ayoni ikafika pamenepa imasowa madzi oizungulira mbali ya kumwamba, popeza kumeneko kuli mpweya. Choncho maayoni ang'onoang'ono monga sodiyamu amapewa pamwamba n'kumakhala m'munsi pang'ono. Oyeza anapeza kuti mchere umalimbitsa pang'ono kachikopa kaja, mosiyana ndi sopo amene amathamangira pamwamba n'kukafooketsa. Mu 1917 katswiri wa ku America Irving Langmuir anawerengera kuti pamwamba pa madzi a mchere pamakhala kamzere kopyapyala kwambiri ka madzi opanda mchere, ndipo mu 1934 Lars Onsager ndi Nicholas Samaras anafotokoza zimenezi ndi masamu. Kwa zaka zambiri anthu ankati maayoni onse amatero. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kafukufuku wa pakompyuta ndi zipangizo zatsopano anaonetsa kuti maayoni akuluakulu, monga ayodayidi, amatha kukwera n'kukhala pamwamba. Nkhani imene Arrhenius anaiyamba ikufufuzidwabe mpaka lero.

Kugwirana kwa madzi ndi maayoni kuli ndi phunziro la pakhomo. Madzi akamawira, chimene chimachoka pamwamba pake ngati nthunzi ndi madzi okha, mchere umatsala mumphika. Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma sikuchotsa mchere. Anthu a m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, amadziwa kuti madzi otere akawira nthawi yaitali mchere umangomveka kwambiri.

Zikutikhudza bwanji mwana akadwala?

Madzi a m'thupi lathu ali ndi maayoni a sodiyamu, potaziyamu, kolorayidi ndi ena. Mitsempha, minofu ndi mtima zimagwira ntchito podalira maayoni amenewa. Mwana akatsegula m'mimba kapena akamasanza, amataya madzi pamodzi ndi maayoniwo, ndipo madzi akumwa okha sangabwezeretse zonse zimene zatayika.

Mu 1960 katswiri wina, Robert Crane, anafotokoza kuti m'matumbo muli timakomo timene timalowetsa sodiyamu pamodzi ndi shuga wa mtundu wa gulukozi. Ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya ORS, ndipo n'chifukwa chake m'paketi muja muli mchere ndi shuga womwe.

Muyeso umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi la UNICEF anavomereza mu 2002 ndi uwu pa lita imodzi ya madzi: mchere magalamu 2.6, gulukozi magalamu 13.5, mchere wa potaziyamu magalamu 1.5 ndi mchere wa sitireti magalamu 2.9. Akatswiri akamawerenga mphamvu yokoka madzi ya zonsezi amapeza 245, ndipo powonkhetsa amaika sodiyamu payekha, 75, ndi kolorayidi payekha, 65, monga mmene Arrhenius anaphunzitsira. ORS wakale anali ndi 311. Anamutsitsa ataona kuti wosungunuka kwambiriyu amachepetsa kusanza, amachepetsa chimbudzi, ndipo ana ochepa ndi amene amafunika diripi.

Manambalawa amakhala oona pokhapokha madzi akakhala okwanira. Mukasungunula paketi ya lita imodzi m'kapu imodzi yokha poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, tizidutswa timachuluka kwambiri moti timayamba kukoka madzi kuchoka m'thupi la mwana kupita m'matumbo, monga mchere uja pa kabichi. Kutsegula m'mimba kumawonjezeka, ndipo sodiyamu wochuluka m'magazi angathe kuvulaza ubongo wa mwana. Zakumwa za m'mabotolo zotsekemera kwambiri zimakokanso madzi chimodzimodzi. Mukachulutsanso madzi kupyola muyeso, mwana salandira mchere wokwanira.

Choncho inu makolo ndi mavolontiya a zaumoyo, werengani muyeso wa madzi umene walembedwa papaketi ndipo muutsate ndendende. Yambani mwawiritsa madzi n'kuwaziziritsa, kapena kuwathira mankhwala oyeretsera madzi, kenako n'kuthiramo ufa wonse wa m'paketi. Musawiritsenso mukasakaniza, ndipo musawonjezere shuga kapena mchere. Zotsala zikatha maola 24, tayani n'kupanga zina. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo alandire mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14 monga mmene achipatala angakuuzireni. Ngati maso kapena liwombo zalowa, mwana walefuka, akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, kapena m'chimbudzi muli magazi, thamangirani naye kuchipatala.

Ntchito zake zina

Arrhenius sanathere pa mchere. Mu 1889 analemba lamulo la masamu lofotokoza mmene kutentha kumafulumizitsira kusintha kwa zinthu. Pa zinthu zambiri, kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kusinthako kumathamanga pafupifupi kawiri. Opanga mankhwala amagwiritsabe ntchito lamuloli poyerekeza nthawi imene mankhwala angakhale asanaonongeke. N'chifukwa chake mankhwala sasungidwa padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Mu 1891 anabwerera kwawo kukaphunzitsa ku Stockholm, ndipo mu 1895 anakhala pulofesa. Mu 1896 anakhala munthu woyamba kuwerengera mmene dziko lingatenthere mpweya wa kaboni dayokisaidi utachuluka mumlengalenga. Anapeza kuti mpweyawu utawirikiza kawiri, kutentha kungakwere ndi madigiri 5 kapena 6. Iye ankaganiza kuti zimenezi zidzatenga zaka zambirimbiri, ndiponso kuti zidzakomera mayiko ozizira ngati kwawo. Pamenepa sanaone patali, monga alimi a masiku ano angachitire umboni.

Anafufuzanso mmene poizoni wa tizilombo toyambitsa matenda amalimbanirana ndi chitetezo cha m'magazi, mogwirizana ndi dokotala wa ku Denmark Thorvald Madsen, ndipo mu 1907 anatulutsa buku la nkhaniyi. Analembanso mabuku ofotokozera anthu wamba za nyenyezi ndi chilengedwe.

Ulemu ndi zofooka zake

Mu 1903 analandira mphoto ya Nobel ya sayansi ya kemisitiri chifukwa cha ganizo lake la maayoni, ndipo anali munthu woyamba wa ku Sweden kulandira mphoto ya Nobel. Cleve, mphunzitsi uja amene sanachite chidwi ndi chikalata chake, anali m'komiti yosankha opambana. Mu 1905 Arrhenius anakhala mkulu wa malo a kafukufuku a Nobel ku Stockholm, udindo umene anaugwira mpaka chaka chimene anamwalira. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anathandiza kuti akatswiri a sayansi a ku Germany ndi Austria amene anagwidwa ukaidi amasulidwe.

Koma munthu amene anapeputsidwa ali mnyamata sanachitire ena chilungamo nthawi zonse atakhala pampando. Olemba mbiri amati anagwiritsa ntchito mphamvu zake pa nkhani za mphoto ya Nobel pokondera anzake ndi kutsekereza amene ankasemphana nawo. Dmitri Mendeleev wa ku Russia, amene ankatsutsa ganizo la maayoni, anamwalira mu 1907 asanalandire mphotoyi, ndipo Arrhenius anali m'gulu la amene anamutsekereza. Analinso mmodzi mwa atsogoleri a bungwe lina la ku Sweden limene linakhazikitsidwa mu 1909, lolimbikitsa maganizo akuti anthu ena ndi oyenera kubereka kuposa anzawo. Maganizo otere anadzetsa nkhanza zambiri ku Ulaya ndi kwina, ndipo sayansi inawakana.

Anakwatira kawiri. Ukwati wake woyamba, ndi Sofia Rudbeck mu 1894, unatha patangopita zaka ziwiri, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamwamuna. Mu 1905 anakwatira Maria Johansson, n'kubereka naye ana atatu.

Mu September 1927 anadwala matenda a m'matumbo, ndipo anamwalira ku Stockholm pa 2 October 1927 ali ndi zaka 68. Anaikidwa m'manda ku Uppsala, mzinda umene anakulira.

Arrhenius sanaone paketi ya ORS, chifukwa inabwera patapita zaka zambiri iye atamwalira. Koma kawerengedwe kake ka maayoni ndi kamene opanga paketiyo amatsata poyeza mchere ndi shuga. Iwo amayezeratu ufa. Kuyeza madzi anasiyira inu amene muli ndi mwana wodwala pakhomo, ndipo botolo loyera la lita imodzi ndi chinthu choyenera kukhala nacho mwana asanadwale.